Saint-Philippe, dera la mvula yambiri lopanda mtsinje

Ku Saint-Philippe mvula sichedwa kubwera, ndipo ikabwera sichita manyazi, koma m'dera lonselo mulibe mtsinje ndi umodzi womwe woyenda chaka chonse. Makwawa alipo ambiri, akuya, okhala ndi milatho yabwinobwino, koma ukasuzumira pansi umangoona miyala yakuda ili gwaa. Mvula ikachezera kugwa kumtunda, khwawa limadzaza mwadzidzidzi n'kukokolola chilichonse chimene lapeza, mawa lake laphwa. Madzi ambiri safika n'komwe m'makwawamo. Amamira pomwe agwerapo, chifukwa nthaka ya kumeneko ndi chiphalaphala chouma cha phiri lamoto, chodzaza ming'alu ndi mphako, ndipo amakatulukira kutali, m'mphepete mwa nyanja kapena pansi pake.

Derali lili kummwera chakummawa kwa chilumba cha Réunion, m'nyanja yamchere ya Indian, kummawa kwa Madagascar, makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Mauritius. Réunion ndi gawo la dziko la France ndithu, lofanana ndi zigawo za ku Ulaya chiyambire 1946. Ndalama yake ndi yuro, apolisi ndi a ku France, ngakhale pamsewu chimene umamva kwambiri ndi Chikiliyo, chilankhulo cha eni chilumba. Chilumba chonsecho anachimanga ndi mapiri awiri amoto. Lalikulu, Piton des Neiges, lalitali mamita 3,070, linazilala kalekale. Linalo, Piton de la Fournaise, la mamita 2,632, likadali moyo, ndipo zaka zambiri silitha chaka osalavulako. Anthu pafupifupi 5,000 a ku Saint-Philippe amakhala m'munsi mwa lachiwirili, pakamzere kopapatiza pakati pa chitunda ndi mafunde.

Alendo amapita kumeneko kukaona moto. Ine ndinabwerako ndi maganizo akuti motowo ndi nkhani yaing'ono pa moyo wa eni dera. Zimene zimawalamulira tsiku ndi tsiku ndi madzi othawa, nyanja yosalowereka, ndi msewu umodzi wokha.

Za mvulazi sindikukokomeza. Pachidikha cha Foc-Foc, kumtunda kwa derali, namondwe Denise anagwetsa mamilimita 1,825 m'maola 24 okha pa 7 ndi 8 January 1966, ndipo palibe malo ena padziko pomwe anayezapo mvula yoposa imeneyo pa tsiku limodzi. Ku Lilongwe imeneyo ndi mvula ya zaka ziwiri. Mu February 2007 namondwe Gamède anathira mamilimita oposa 3,900 m'masiku atatu pa Cratère Commerson, pamwamba pa phiri lomweli. Nkhani ya anamondweyi ikutikhudza ife kwathu kuno kuposa mmene ambiri timaganizira. Ofesi ya zanyengo ya Météo-France ya pachilumbachi ndiyo inapatsidwa udindo wolondola anamondwe onse a mbali ino ya nyanja, kotero tikamamva pawailesi kuti namondwe akulowera ku Mozambique, uthengawo nthawi zambiri umakhala utayambira ku Réunion. Freddy anadutsa kumpoto kwa chilumbachi mu February 2023 asanatipeze ife mu March. Nditaima pamlatho wa khwawa louma lija ndinakumbukira za ku Chilobwe ndi ku Phalombe, kumene dothi linamwa madzi mpaka kulemera n'kutsetsereka ndi nyumba za anthu. Ku Saint-Philippe dothi lotero ndi lochepa, thanthwe limameza madziwo. Sikuti chilumbacho n'chotetezeka ayi. Mkati mwake, ku Salazie, mapiri amagumuka, ndipo anamondwe Belal mu 2024 ndi Garance mu 2025 anapha anthu. Kungoti kumeneko chenjezo lofiira likaperekedwa, kupezeka panja ndi mlandu, ndipo malo othawirako amakhala atakonzedwa kale.

Anthu oyamba kukhazikika kuderali anafika mochedwa poyerekeza ndi mbali zina za chilumba, ndipo vuto lawo loyamba linali ludzu. N'chifukwa chake malo otchuka akale a ku Saint-Philippe ndi zitsime: Puits des Français, Puits des Anglais ndi Puits Arabe. Zonse zili pafupi ndi nyanja, zogobedwa m'thanthwe, chifukwa ndi pamenepo pomwe madzi a mvula oyenda pansi amayandikira pamwamba, atayandama pa madzi amchere. Umatsika masitepe amiyala, kuzizira kumakulandira, pansi pali madzi akuda ali phee. Masiku ano m'nyumba muli mipope, zitsimezo zinasanduka malo ojambulitsa zithunzi, koma zimakuuza bwino chimene chinakoka midzi kuti ikhale pomwe ilipo.

Midzi yake yonse ili pamsewu umodzi, RN2, umene umazungulira chilumba mbali ya kummawa. Palibe njira ina yolambalala. Ukachoka ku Saint-Pierre pabasi yachikasu ya Car Jaune, umadutsa Petite-Île, Saint-Joseph ndi Vincendo, kenako umaoloka khwawa la Basse Vallée, walowa. Kuyambira pamenepo maina amangotsatizana, Basse Vallée, Le Baril, Mare Longue, pakati pa tauni, Takamaka, Le Tremblet, ndipo umalephera kudziwa pomwe mudzi wina wathera. Kumanzere kuli timisewu tokwera chitunda kulowa m'minda ya nzimbe, tomwe timakathera m'nkhalango. Kumanja, kuseri kwa nyumba ziwiri kapena zitatu, kuli phompho ndi nyanja. Nyumba zakale ndi zamatabwa, zofolera malata, zokhala ndi zokongoletsa zodulidwa bwino m'mphepete mwa denga, koma zambiri tsopano ndi zasimenti. Pabwalo pali nthochi, mapapaya, mitengo ya lichi imene imafiira mu December. M'mbali mwa msewu mumapezeka titchalitchi ting'onoting'ono topakidwa penti yofiira, ta woyera mtima wotchedwa Saint Expédit, momwe anthu amasiyamo makandulo ndi nsalu zofiira. Chinandisangalatsa m'basimo n'chakuti munthu akafuna kutsika amaomba m'manja kawiri, dalaivala n'kuima. Ndinaona gogo wina wachikazi akuomba chonchi osadzutsa n'komwe mutu pa dengu lake.

Ku Basse Vallée ndi komwe kuli Cap Méchant, ndomo ya thanthwe lakuda yolowa m'nyanja. Amene anazolowera gombe la mchenga la ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay asayembekezere zotero. Mbali ino ya chilumba ilibe matanthwe a korali otchinga mafunde ngati kumadzulo, ku Saint-Gilles. Mafunde amabwera kuchokera kutali kummwera popanda chowaimitsa, n'kudzamenya thanthwe mpaka pansi kunjenjemera, thovu kuuluka kupitirira mitengo. Mchere umakumata kumaso ngakhale uli patali. Asodzi amaima pamwamba pa matanthwewo ndi nsungwi zazitali za mbedza, ndipo sautembenuzira msana nyanjayo. Lamulungu malo onsewa amadzaza mabanja. Munthu mmodzi amalawirira mbandakucha kukagwira kachisakasa ka boma kokhala ndi tebulo ndi mafuwa, enawo amafika pambuyo ndi miphika ikuluikulu. Amaphika pankhuni mpunga, nyemba, nkhuku kapena soseji ya tomato imene amaitcha rougail saucisse, ndi tsabola wosinja woti mlendo azimulawa ndi nsonga ya supuni. Amakhala tsiku lonse, mvula ikagwa amakunga lona.

Mthunzi umene amakhalapo ndi wa vacoa, mtengo umene ndinganene kuti ndiwo chizindikiro cha derali. Umaima pa mizu yoonekera kunja yotambalala ngati miyendo, masamba ake ndi aatali aminga m'mbali, ndipo suopa mchere. Anaudzala mizeremizere m'mphepete mwa nyanja kuti uzitchinga mphepo isaotche minda. Vacoa kwa iwo ali ngati mlaza kwa ife. Ndinakhala pakhonde la mayi wina wachikulire ndikuonerera ntchito yake. Amatola masamba, kuchotsa minga ndi mpeni, kuwang'amba timizere tofanana, kuwayanika, kenako kumawakhwekhwereza kumsana kwa mpeniwo mpaka afewe. Akayamba kuluka, zala zimayenda zokha iye akucheza ndi mnzake wa kuseri kwa mpanda. Ankaluka bertel, chikwama chafulati chobereka kumsana, chimene alimi amanyamuliramo chikwanje ndi kamba popita kumunda. Kale masamba omwewa ankalukira matumba a khofi ndi shuga otumiza kunja, ndipo mabanja ambiri osauka ankadyera momwemo. Matumba amakono atabwera malondawo anafa, kunatsala zipewa, madengu ndi zikwama zogulitsa alendo. Chipatso chake, pinpin, ndi mtima wa nsonga yake amaziphika ndiwo, ndipo mwezi wa August tauni yonse imachita chikondwerero cha mtengowu.

Ku Le Baril, pafupi ndi Puits des Anglais, anamanga dziwe losambiramo m'matanthwe, ndipo ana amadzazana mmenemo. Ana a m'mphepete mwa nyanja, osambira m'dziwe. Mafunde okha akanakwanira kuwaletsa, koma palinso nsomba zolusa za shaki. Zitachuluka ngozi, mu 2013 boma linaletsa kusambira m'nyanja kuzungulira chilumba chonse kupatula malo otetezedwa, ndipo ambiri mwa malowo ali kumadzulo.

Chuma chenicheni cha derali chili kumtunda, m'nkhalango. Ku Mare Longue kunatsala chigawo cha nkhalango yachilengedwe ya m'zigwa zamvula, yomwe kwina konse inadulidwa kuti padzalidwe khofi ndi nzimbe. Inapulumuka chifukwa inamera pa chiphalaphala chakale chomwe khasu silingalowe. Mizu imayenda pamwamba pa miyala kufunafuna mng'alu, ndipo poyenda umayang'ana pansi kuposa kumwamba. M'nkhalango zoyandikana nayo alimi amabwereka malo ku nthambi ya boma yoona zankhalango n'kudzalamo vanila, chomera cha zitheba zonunkhiritsa zakudya, chimene chimayanga pamitengo yomwe ilipo kale. Palibe mizere, palibe kupalira. Mlendo akhoza kudutsa pakati pa munda osadziwa kuti ndi munda. Ntchito yake ndi yodekha. Duwa lililonse limatseguka m'mawa umodzi wokha, cha pakati pa October ndi December, ndipo pachilumbapo palibe kachilombo kolibereketsa. Mlimi amagwira duwalo ndi dzanja limodzi, ndi kaminga kapena kachitsotso amatukula kakhungu kolekanitsa mbali yaimuna ndi yaikazi, n'kufinya pang'ono ndi chala chachikulu. Basi, apite pa lina. Pakatha miyezi pafupifupi 9 ndi pamene zitheba zimakhwima, ndipo zikadali zaziwisi mwini amazidinda chizindikiro chake ndi timasingano chifukwa akuba ndi ambiri. Zikathyoledwa sizinunkhira kanthu. Amaziviika m'madzi otentha kwa mphindi zochepa, kuzifunditsa mabulangete kuti zituluke thukuta n'kuda, kuziyanika padzuwa, kenako pamthunzi, n'kuzitsekera m'mabokosi amatabwa kwa miyezi. Ukamva mtengo wake usanaone zonsezi umati akukubera.

Njira yobereketsa duwayi anaitulukira mu 1841 ndi mnyamata wa zaka 12, Edmond Albius, kapolo wa pamunda wina ku Sainte-Suzanne, kumpoto kwa chilumba. Dziko lonse limene limalima vanila, kuphatikizapo Madagascar, likugwiritsabe ntchito luso lake, koma iye anamwalira ali wosauka mu 1880. Ukapolo unathetsedwa pachilumbachi pa 20 December 1848, ndipo tsikuli ndi tchuthi mpaka lero, anthu amachezera kuvina maloya. Akapolo ambiri anachokera ku Madagascar ndi kumadoko a ku Mozambique ndi Kilwa, komwe kunkathera njira zochokera mkati muno, kuphatikizapo madera ozungulira nyanja yathu. Ndiye ukakumana ndi nkhope pamsika imene ukanailonjera m'Chiyao kapena m'Chilomwe, usadabwe kwambiri.

Pakati pa tauni palibe zambiri: ofesi ya meya, tchalitchi, sukulu, sitolo zingapo, ndi kadoko komwe asodzi amakokera maboti awo kumtunda chifukwa palibe poimika m'madzi. Pafupi ndi pamenepa ndi pomwe sitima ya asilikali a Britain, Warren Hastings, inagunda matanthwe usiku wa pa 14 January 1897 ikuchokera ku Cape Town kupita ku Mauritius. Inanyamula anthu oposa 1,200 ndipo anafa awiri okha. Ntchito ndi zosowa. Nzimbe zimadulidwa kuyambira July mpaka December n'kutengedwa kutali, poti mafakitale a shuga anatsala awiri okha pachilumba chonse, Le Gol ndi Bois Rouge. Pa Réunion yense munthu mmodzi mwa atatu alionse ali pansi pa mlingo wa umphawi wa ku France, ndipo madera akumidzi ngati ano sali mbali yabwino ya chiwerengerocho. Achinyamata amapita ku Saint-Pierre kapena kukwera ndege ya ku Paris. Umphawi wake ndi wina, wokhala ndi magetsi, chipatala ndi ndalama yothandizira ya boma, koma kusowa chochita kumaoneka pamaso pa anyamata okhala pamalo odikirira basi masanasana.

Ukapitirira tauni nyumba zimayamba kutalikirana, ndipo apa ndi pomwe phiri limalowa m'nkhani. Pamwamba pake pali chigwa chachikulu chozunguliridwa ndi makoma a matanthwe mbali zitatu, Enclos Fouqué, chotseguka mbali ya kunyanja kokha. Pafupifupi nthawi zonse moto umatulukira mkati mwa mpandawu n'kutsikira kumalo opanda anthu otchedwa Grand Brûlé, pakati pa khoma la Le Tremblet ndi la Bois Blanc. Chiphalaphala chake n'chamadzimadzi, chimayenda moti munthu atha kuchithawa, sichiphulika mwaukali. N'chifukwa chake phiri likayamba, anthu sathawa. Amatenga magalimoto kukaonerera, misewu n'kudzaza.

Koma mwa apo ndi apo limaboola kunja kwa mpanda. Mu March 1986 linang'ambika pamwamba pa Takamaka, chiphalaphala chinadula msewu, chinatentha nyumba zingapo, ndipo china chinakathira m'nyanja pa Pointe de la Table n'kukulitsa chilumba ndi mahekitala pafupifupi 25. Zisanachitike izi, mu April 1977, linatulukira mbali inayo n'kulowa m'mudzi wa Piton Sainte-Rose. Linawononga nyumba zambiri, linafika pakhomo la tchalitchi, linalowa pang'ono, n'kugawikana kuzungulira makoma. Tchalitchicho chilipo mpaka lero, chimatchedwa Notre-Dame-des-Laves, ndipo polowa umakwera masitepe osemedwa m'mwala womwewo. Akhristu amati chinali chozizwitsa, akatswiri amati makoma olimba amapatutsa chiphalaphala choyenda pang'onopang'ono. Mkanganowo ndiwasiyira eni ake. Chimene ndimachiwerengera ine n'chakuti ngoziyo inachititsa kuti mu 1979 akhazikitse malo oyang'anira phirili ku Plaine des Cafres. Zipangizo zawo zimamva nthaka ikamanjenjemera ndi kufufuma moto usanatuluke, ndipo njira zokwerera phiri zimatsekedwa nthawi ikadalipo. Mtendere umene anthu a m'munsimo amagona nawo unagulidwa ndi ndalama.

Chimene phiri limawalanda kwenikweni ndi msewu. Mu April 2007 linalavula koopsa kuposa nthawi ina iliyonse m'zaka zambirimbiri. Mng'alu unatseguka m'munsi, pafupi ndi khoma la Le Tremblet, chiphalaphala chinafika kunyanja tsiku lomwelo, ndipo chibowo cha pamwamba pa phiri, Dolomieu, chinatitimira mamita oposa 300 m'masiku ochepa. Moto utakumana ndi madzi amchere kunabuka nthunzi yoyabwa m'maso ndi pakhosi, timaulusi tagalasi tinagwera pamadenga ndi m'minda, ndipo nsomba za pansi penipeni pa nyanja zinayandama zitafa, zina zomwe akatswiri anali asanazionepo. RN2 inakwiririka pansi pa mwala wochindikala mamita makumi angapo. Anayembekezera kuti uzizireko, n'kulambula msewu watsopano pamwamba pake, ndipo unatsegulidwa mu November. Miyezi yonseyo munthu wa ku Le Tremblet wofuna kukaona m'bale wake ku Bois Blanc, mtunda wa makilomita ngati 10, ankabwerera m'mbuyo kulowera ku Saint-Pierre, kukwera mapiri kudzera ku Plaine des Cafres ndi Plaine des Palmistes, kutsikira ku Saint-Benoît, n'kubwereranso m'mphepete mwa nyanja. Ogulitsa vanila ndi zakudya pamsewu anangokhala manja lende, poti mudzi wawo unasanduka kumathero kwa njira.

Grand Brûlé ndi malo oyenera kutsika basi n'kuyenda wapansi. M'mbali mwa msewu anaikamo zikwangwani zosonyeza chaka cha chiphalaphala chilichonse, 2002, 2004, 2007, ndipo utha kuwerenga zakazo ndi maso osayang'ana chikwangwani. Chatsopano n'chakuda bii. Pena n'chosalala chopotanapotana, pena ndi zibuma zakuthwa zolira pansi pa phazi, zoti nsapato yopepuka siichedwa kutha ndipo ukagwa dzanja limachekeka. Pansi pa cha 2004 pali mphanga zazitali momwe motowo unkayendamo, ndipo alendo amalowamo ndi owatsogolera atavala zisoti ndi tochi. Chimene chakhalitsako pang'ono chimatuwa ndi ndere, ndipo ndere zimenezi ndizo zimayamba kusunga chinyezi ndi fumbi. Kenako m'ming'alu mumatuluka tizomera tobiriwira ta fern, pambuyo pake zitsamba monga bois de rempart wa maluwa ofiira, ndipo patapita zaka mazana angapo pamakhala nkhalango ngati ya Mare Longue ija. Ndi mvula yonse ija, ntchitoyi imafulumira kuposa mmene ungaganizire.

Vuto n'lakuti masiku ano mitengo yachilengedwe ikupambanidwa liwiro. Filao, mtengo wobwera wa masamba ngati singano, umafika msanga pa mwala watsopano n'kukula mbewu za m'nkhalango zisanafike. Mbalame zikuluzikulu ndi akamba amene kale ankamwaza mbewu za mitengo yachilengedwe anatha kalekale, anthu anadya. Ndiye pali goyavier, kagwafa kakang'ono kofiira kochokera ku Brazil, kamene kamamera mothithikana mpaka china chilichonse kulephera kuphuka pansi pake. Ogwira ntchito ku paki ya zachilengedwe ya chilumbachi, yomwe inakhazikitsidwa mu 2007 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 2010, amathera ndalama ndi thukuta kukadula. Koma nyengo yake ikafika, cha m'ma April mpaka June, mabanja omwe aja a miphika ikuluikulu amaimika magalimoto m'mbali mwa msewu n'kulowa m'tchire ndi zidebe. Amakapangira jamu, amakathira mu ramu, ana amakagulitsa pamsewu, ndipo ku Plaine des Palmistes kamachitiridwa chikondwerero chakechake chaka ndi chaka. Ndinagulako kachidebe kwa mtsikana wina pafupi ndi Le Tremblet. N'kowawasa pang'ono, n'kokoma kwambiri, ndipo njere zake ndinazilavulira m'thumba la pulasitiki, ngakhale mbalame za m'deralo zimamwaza zochuluka kuposa zimenezo m'mawa uliwonse.